Zolinga za chaka chatsopano zimafera pati, ndipo tingazisunge bwanji?

Woyang'anira gulu: Moni nonse abale. Mutu wa sabata ino ndi zolinga zimene anthu amadziikira chaka chikamayamba: kusiya fodya, kuchepetsa thupi, kuyamba masewera olimbitsa thupi, kugona nthawi yabwino. Pa 1 Januwale aliyense amakhala ndi moto, koma pofika Febuluwale zambiri zimakhala zitazilala. Amene mumazidziwa bwino nkhanizi tithandizeni ndi mfundo zogwirika, zoti munthu akawerenga lero, mawa adziwe poyambira.

Mlangizi wa zamaganizo: Zikomo bambo. Ndiyambe ndi kuchotsa maganizo akuti kudziikira cholinga n'kutaya nthawi. John Norcross wa pa yunivesite ya Scranton ku America anatsatira anthu 200 amene analonjeza kusintha chaka chikuyamba. Itatha sabata imodzi, 77 pa 100 alionse anali akusungabe lonjezo. Utatha mwezi anatsala 55, itatha miyezi 6 anatsala 40, zitatha zaka ziwiri anatsala 19. Pa kafukufuku wina amene anatuluka mu 2002, iye ndi anzake anayerekeza anthu olonjeza ndi ena amene ankafuna kusintha koma asanalonjeze. Itatha miyezi 6, mwa olonjeza aja 46 pa 100 zinkawayenderabe, pamene mwa enawo anali 4 okha. Ndiye lonjezo lili ndi ntchito ndithu. Koma taonani pamene ambiri akugwera: mwezi woyamba weniweniwo.

Vuto loyamba limakhala kanenedwe ka cholingacho. "Ndikufuna kukhala wathanzi" si chinthu choti munthu angadzuke n'kuchita. Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anaonetsa kuti amene amaneneratu nthawi, malo ndi chochita amakwanitsa kuposa amene angokhala ndi chikhumbo. Chiganizo chake chizikhala chotere: zikachitika zakuti, ndichita zakuti. Mwachitsanzo, "Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndikangotsuka m'kamwa m'mawa, ndivala nsapato n'kuyenda mphindi 15." Ubwino wake ndi woti nkhani imakhala itagamulidwa kale. M'mawawo simukhalanso pansi n'kumadzifunsa kuti ndipite kapena ndisapite, chifukwa funso limenelo likangobwera, ulesi ndi umene umayankha.

Mfunsi: Pepani amayi, ine ndimamva kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ndi zoona?

Mlangizi wa zamaganizo: Ayi achimwene, ndipo nambala imeneyi yagwetsa anthu ambiri mphwayi. Inachokera kwa Maxwell Maltz, dokotala wa maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi, amene analemba mu 1960 kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Sanali kunena za kuthamanga kapena kusiya shuga, komanso mawu akuti "osachepera" anthu anawataya panjira.

Amene anayezadi nkhaniyi ndi Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London. Anatenga anthu 96, aliyense n'kusankha kanthu kamodzi koti azichita tsiku lililonse pa nthawi yofanana, monga kumwa madzi pa chakudya chamasana kapena kuthamanga mphindi 15 asanadye madzulo, ndipo anawatsatira kwa masabata 12. Kuti chinthucho chifike pomachitika chokha popanda kudzikakamiza, wapakatikati anafunika masiku 66. Wofulumira anafunika 18, wochedwetsetsa 254. Zosavuta ngati kumwa madzi zinkakhazikika msanga kuposa masewera. Ndiye ngati pa sabata yachinayi mukumvabe kulemera, palibe chalakwika. Konzekerani miyezi iwiri kapena itatu yodzikoka.

Mphunzitsi wa masewera: Ndilowererepo pa masewera, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzivulaza okha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezapo olimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Kumeneko ndiye kofikira. Si poyambira. Munthu amene wakhala zaka osachita kanthu akayamba ndi kuthamanga ola lathunthu tsiku lililonse, pofika tsiku lachitatu miyendo imakhala itauma, mawondo akuwawa, ndipo akapuma masiku awiri sabwereranso.

Kuyamba kwabwino ndi kotere. Masabata awiri oyamba, yendani mwandawala mphindi 10 mpaka 15, masiku atatu pa sabata, kusiya tsiku limodzi pakati. Kenako muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka zitakwana 30. Zikakwana, m'pamene muwonjezere masiku kufika asanu, ndipo 30 kasanu ndi 150 ija. Musawonjezere nthawi, masiku ndi liwiro zonse pakamodzi. Chimodzi basi pa sabata.

Liwiro muzilidziwa ndi pakamwa. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba, muli pa mlingo wapakatikati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, ndiye amphamvu amenewo. Ngati mukuimba bwinobwino, onjezani liwiro.

Za minofu sizilira zipangizo. Kukhala pampando n'kuimirira osagwira, kukankha khoma ndi manja, kukwera ndi kutsika sitepe imodzi. Chilichonse muchite ka 8 mpaka 12, mupume mphindi imodzi, mubwerezenso. Kuwawa kwa minofu kumene kumayamba mawa lake n'kutha pa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa, ndipo kuyenda pang'ono kumathandiza. Koma ululu wobaya pamfundo, kutupa, kapena kuwawa kumene kukukutsimphinitsani, pamenepo imani kaye.

Namwino: Aphunzitsi anena zoona, ndingowonjezera za chitetezo. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga, kuthamanga kwa magazi kosalamulirika, kapena ali oyembekezera, ayambe aonana ndi achipatala asanayambe masewera amphamvu. Ndipo aliyense amene akuchita masewera n'kumva kupanikizika pachifuwa, kubanika kosayenderana ndi zimene akuchita, chizungulire kapena kukomoka, asiye pomwepo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala ena otsitsa shuga azinyamula kanthu kotsekemera, chifukwa masewera amatha kutsitsa shuga mopitirira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira ndi kusokonezeka m'mutu.

Mfunsi: Nanga masitepe 10,000 amene foni imatiuza aja?

Mphunzitsi wa masewera: Nambala imeneyo inayamba ngati malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan cha m'ma 1960. Siinachokere kuchipatala. Kafukufuku wa I-Min Lee wa ku Harvard mu 2019, wa amayi achikulire, anapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 pa tsiku ankamwalira ochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindu linkakwerabe mpaka cha pa 7,500. Ndiye onani kaye mmene mumayendera pa sabata wamba, kenako onjezani 1,000 pa tsiku. Amene ali pa 3,000 akadziikira 10,000, foni izimuuza kuti walephera usiku uliwonse, ndipo palibe amene amapirira zimenezo kwa nthawi yaitali.

Mlangizi wa kadyedwe: Kumbali ya zakudya, zolinga zambiri zimayamba ndi mawu akuti "ndisiya". Ku Sweden, Per Carlbring ndi anzake anatsatira anthu oposa 1,000 kwa chaka chathunthu, zotsatira n'kutuluka mu 2020. Mwa amene cholinga chawo chinali kuyamba chinthu, pafupifupi 59 pa 100 anati zawayendera. Mwa amene chinali kupewa chinthu, anali 47. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mukachotsa chinthu pamatsala mpata, ndipo nthawi yake ikakwana thupi limafunafuna choti lichite. Choncho m'malo monena kuti "ndisiya zakumwa zotsekemera", nenani kuti "pa chakudya chamasana ndizimwa madzi", ndipo madziwo akhale pafupi musanayambe kudya.

Milingo yake nayi. WHO imati shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikizapo uchi ndi juwisi, asapitirire pafupifupi magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi magalamu 35, ndiye chimodzi chokha chadya kale gawo lalikulu la tsikulo. Amene amathira masupuni atatu mu tiyi achotse theka la supuni masabata awiri alionse. Lilime limazolowera, ndipo pakapita nthawi tiyi wakale uja amayamba kukoma mopitirira.

Mchere usakwane magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, nyama zokonzedwa kufakitale ndi timibulu tokometsera ndiwo. Choyamba chotsani mchere patebulo, kenako muziyeza ndi supuni pophika m'malo motapa ndi dzanja. Masamba ndi zipatso zikwane magalamu 400 pa tsiku, ndipo mbatata ndi zina zokhutitsa za mtundu umenewo siziwerengedwa.

Chinanso chimene ndimachiikira mtima kwambiri ndi ichi: nkhondo ya zakudya imamenyedwa pogula, osati pakudya. Chimene chili m'kabati chidzadyedwa, makamaka usiku munthu atatopa. Wendy Wood, amene wafufuza zizolowezi kwa zaka zambiri, anapeza kuti pafupifupi 43 pa 100 ya zimene timachita pa tsiku timazichita mobwerezabwereza pamalo omwewo, maganizo ali kwina. Dzanja limapita lokha. Ndiye zipatso zotsukatsuka ziikeni poonekera, mabisiketi asalowe n'komwe m'nyumba, ndipo musapite kogula zinthu muli ndi njala.

Mayi wachidwi: Alangizi, nanga wofuna kuchepetsa thupi msanga, amene amangodya kamodzi pa tsiku kapena kusiyiratu zakudya zokhutitsa?

Mlangizi wa kadyedwe: Amayi, sikelo imatsikadi msanga sabata yoyamba, koma ambiri mwa makilogalamu amenewo ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi, ndiye shugayo akatha madzinso amachoka. Tsiku limene munthu wadya monga kale amabwerera onse, iye n'kuona ngati khama lonse lapita pachabe. Mlingo wotheka kuusunga ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Ndipo sipafunika kutaya zambiri kuti phindu lioneke. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene anatuluka mu 2002, anapempha anthu amene anali pafupi kudwala shuga kuti achepetse 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuchita masewera mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, tikunena za makilogalamu 6 okha.

Pokwera sikelo, izikhala yomweyo, m'mawa mutachoka kuchimbudzi, musanadye. Kulemera kumasinthasintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri chifukwa cha madzi, mchere, ndiponso msambo kwa amayi. Muziyang'ana kumene mzere ukulowera pa mwezi, osati nambala ya tsiku limodzi.

Namwino: Abale, mfundo ya pang'onopang'onoyi ndikugwirizana nayo pa masewera ndi zakudya, koma pa fodya ndisiyana nanu. Kuchepetsa ndudu n'kukhazikika pa ziwiri kapena zitatu si kupambana. Kafukufuku amene anatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya BMJ anaonetsa kuti wosuta ndudu imodzi pa tsiku amasenzabe pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene ali nacho wosuta 20. Kuchepetsa kukhale njira yopita ku tsiku losiyiratu.

Sankhani tsiku m'masabata awiri akubwerawa, mulilembe, muwauze a m'nyumba. Usiku woti mawa ndi tsikulo tayani ndudu zonse, machesi ndi mbale yaphulusa, chapani zovala zonunkha utsi. Masiku atatu oyamba ndiwo owawa: kukwiya msanga, kusowa tulo, mutu, njala, kulephera kuika maganizo pa ntchito. Zambiri mwa zimenezi zimachepa pa masabata awiri mpaka anayi. Chibaba chikabwera chimakwera n'kutsika pa mphindi zochepa, ndiye ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo basi: imwani madzi pang'onopang'ono, chokani pamalopo, pumani mozama, imbirani munthu foni. Lembanitu nthawi zimene mumasuta, kaya mukatha kudya, pa tiyi, pa mowa kapena mukakwiya, ndipo iliyonse muipezere chochita china. Mankhwala olowa m'malo mwa chikonga, monga zomata pakhungu ndi chingamu, amawonjezera mwayi wosiya ndi theka kapena kuposerapo, ndiye kumene akupezeka afunseni achipatala. Thupi limayamikira msanga: pa maola 12 mpweya woipa wa utsi m'magazi umabwerera pamlingo wake, ndipo chikatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimakhala pafupifupi theka la cha wosuta.

Mowa ndiye wosiyana kwambiri, ndipo izi muzimvetse. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako, asasiye mwadzidzidzi payekha. Akhoza kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, kubwebweta, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo ena amamwalira nazo. Ameneyo asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Mlangizi wa zamaganizo: Anamwino mwatikonza bwino. Tsopano tikambe za tsiku lophonya, chifukwa lidzafika kwa aliyense. Pa kafukufuku wa Lally uja, kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kukhazikika kwa chizolowezi. Chimene chimapha ndi zimene munthu amadziuza pambuyo pake. Wadya keke imodzi, n'kunena kuti "zawonongeka kale, bola ndingodya, ndidzayambiranso Lolemba." Wasuta ndudu imodzi, n'kukagula paketi. Alan Marlatt, amene anafufuza za kubwerera ku mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, anafotokoza kuti munthu akaona kuterereka kumodzi ngati umboni woti iyeyo ndi wolephera, manyazi ndi kudziimba mlandu zimamukankhira kugwa kwenikweni. Amene amati "dzulo ndinagona mochedwa, n'chifukwa chake sindinadzuke" ali ndi choti akonze. Amene amati "ine ndine waulesi basi" alibe pogwira.

Ndiye dongosolo la tsiku loipa lilembedwe pa tsiku labwino. Likhale ndi mbali ziwiri. Yoyamba, kachidutswa kakang'ono ka chizolowezicho koti n'kotheka ngakhale mutatopa motani: ngati mphindi 30 zakanika, valani nsapato muyende 5. Mphindi 5 sizilimbitsa mtima kwenikweni, koma zimasunga mgwirizano wa nthawiyo ndi ntchitoyo m'ubongo. Yachiwiri, mukaphonya mubwerere pa mpata wotsatira womwewo, osadikira Lolemba kapena mwezi watsopano, komanso osalipira ngongole pochita kawiri.

Mphunzitsi wa masewera: Pa kachidutswa kakang'onoko ndili ndi nkhawa pang'ono, amayi. Anthu ena amakhazikika pa mphindi 5 mpaka Juni, n'kumadabwa kuti palibe chikusintha.

Mlangizi wa zamaganizo: Nkhawa yanu ndi yomveka aphunzitsi. N'chifukwa chake kulemba n'kofunika. Pakalendala, tsiku lokwanira ikani chizindikiro china, tsiku la kachidutswa china. Lamlungu lililonse muziona. Ngati tizidutswa tachuluka kuposa masiku okwanira masabata awiri otsatizana, ndiye kuti china chake sichili bwino: mwina nthawi imene munasankha ikulimbana ndi ntchito zina, mwina mlingo munaukweza msanga. Sinthani chimenecho. Ndipo muzilemba zimene mwachita, osati zotsatira zokha, chifukwa kuyenda kuli m'manja mwanu pamene sikelo ili ndi nthawi yake.

Mfunsi: Kodi munthu angayambe zingati pakamodzi? Chifukwa zofuna kusintha zimakhala zambiri.

Mlangizi wa kadyedwe: Chimodzi, zikachuluka ziwiri zimene sizikulimbana. Kusiya fodya ndi kuchepetsa thupi nthawi imodzi n'kudzipanikiza, poti kusiya fodya kumabweretsa njala ndipo ambiri amanenepako makilogalamu angapo. Fodya atsogole, kuyenda kumuperekeze, za sikelo zibwere pambuyo. Zotsalazo zilembeni ndi miyezi yake. Wofufuza wina, Katherine Milkman, ndi anzake anaonetsa kuti anthu amalimbikira kuyamba zinthu pa chiyambi chilichonse, kaya cha sabata, cha mwezi kapena tsiku lobadwa, ndiye Januwale si khomo lokhalo.

Wogwira usiku: Nanga amene ntchito yawo imasinthasintha, sabata ino usiku, sabata yamawa masana? Zoti nthawi yomweyo tsiku lililonse sizingatheke.

Mphunzitsi wa masewera: Achimwene, musamangirire pa wotchi, mangirirani pa chochitika chimene sichisowa. Kudzuka kulipo kaya ndi 5 koloko m'mawa kapena 3 koloko masana. Ndiye lamulo likhale lakuti "ndikadzuka n'kumwa madzi, ndiyenda." Zovala ndi nsapato muziziika pambali pa bedi musanagone. Ngati pali mnzanu wa shifiti yomweyo, panganani malo okumana, chifukwa kukhumudwitsa munthu amene akukudikirani panja n'kovuta kuposa kuzimitsa alamu. Koma mnzanuyo akhale wothandizira chabe. Dongosolo likhale loti iye akadwala kapena akasamuka, inu mupitirizabe.

Namwino: Ndipo kwa inu a mashifiti tulo ndiye poyambira, ngakhale kwa ena onsenso. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Wosagona mokwanira amamva njala kwambiri, amalakalaka zotsekemera, ndipo kudziletsa kumachepa, ndiye zolinga zina zonse zimagwera pamenepo. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimakhalitsa m'thupi: pakatha maola pafupifupi 5, theka la kafeini, yemwe amathawitsa tulo m'zakumwazi, limakhala likadalimo. Choncho kapu yomaliza imwedwe maola osachepera 6 musanagone. Mukagona masana, tchingani mawindo ndi nsalu yochindikala, foni muiike patali poti simungaifikire muli pabedi, ndipo a m'nyumba adziwe maola amene simuyenera kudzutsidwa. Mowa musauyese mankhwala a tulo. Umagonetsa msanga koma umadula tulo chapakati. Ngati mumaliza mkonono kwambiri, ena n'kumakuuzani kuti mumasiya kupuma m'tulo, ndipo mumadzuka otopa ngakhale mwagona maola okwanira, kayezetseni, chifukwa vuto limenelo lili ndi chithandizo chake ndipo limakweza kuthamanga kwa magazi.

Mayi wachidwi: Funso lomaliza kwa ine. Amene anayamba pa 1 Januwale n'kusiya kale, atani?

Mlangizi wa zamaganizo: Atenge pepala lero lomwe, amayi, ayankhe mafunso atatu. Ndinasiya tsiku liti, ndipo chinachitika n'chiyani tsiku limenelo? Kodi cholinga chinali ndi nthawi ndi malo ake? Kodi mlingo unali woti ndikanaukwanitsa pa sabata yotanganidwa kwambiri? Akayankha, adule mlingo uja pakati, aumangirire pa chinthu chimene amachita kale tsiku lililonse, alembe kachidutswa ka tsiku loipa, akonzeretu zofunika usiku uno, mawa ayambe. Pa kalendala aike chizindikiro pa tsiku limene pakhale patatha masabata awiri, kuti adzaone ngati mlingowo ukufunika kukwezedwa kapena kusiyidwa pomwepo kwa masabata ena awiri.